Funsani Amalume: kodi makompyuta akutithandiza chani pa nkhani ya madzi?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene mwatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi a madzi okhaokha, ndipo angapo akufunsa za mapulogalamu a pa kompyuta amene akuluakulu amawatchula pa wailesi akamalongosola chifukwa chake madzi kapena malaiti achepa, aja amati decision support system. Ndasankhapo asanu. Ena ndawafupikitsa pang'ono kuti malo atikwane.

FUNSO: Amalume muli bwanji. Ine ndine wa welding kuno ku Garden, ndimapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Mu 2024 tinavutika maningi, malaiti kubwera pakati pa usiku kusanache apita, munthu kumagona pa shopu kudikira kuti mwina uwotchereko geti imodzi. Manje ndamva injiniya wina pa wailesi akuti madzi a ku Kariba amawagawa potengera zimene kompyuta yawerengera. Nde ngati kompyuta ilipo ndipo imaoneratu za kutsogolo, zinatheka bwanji kuti damu lonse lija liphwe iwo akuona? Kapena kompyutayo inanama?
Wa welding, Garden

YANKHO: Ndili bwino bambo, ndipo pepani kwambiri, chaka chija chinatipweteka tonse koma inu a ntchito za manja chinakupwetekani koposa chifukwa tsiku lopanda malaiti ndi tsiku lopanda ndiwo pakhomo.

Choyamba, Kariba sinaphwe ayi. Nyanja ija ndi yakuya kwambiri, koma madzi amene amapangira magetsi ndi a pamwamba okha, mamita 13 chabe, kuchokera pa mlingo wa mamita 475.50 kufika pa 488.50 pamwamba pa nyanja yamchere. Akatsika kufika pa 475.50 makina sangapitirize, ngakhale inu mutaima ku Siavonga n'kumaona madzi mbee mpaka tsidya la Zimbabwe. Nde mkangano wonse wa Kariba ndi wa mamita 13 amenewa basi. Oyang'anira ndi a Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe limene linakhazikitsidwa mu 1987, likulu lake lili konkuno ku Lusaka, ndipo chaka chilichonse amalengeza kuchuluka kwa madzi amene angadutse m'makina, theka kuno theka ku Zimbabwe.

Mmene amawerengera sizikusiyana kwenikweni ndi mmene amayi athu kumudzi amachitira ndi nkhokwe, kusuzumira kuti chimanga chatsala pati, kuwerenga ana amene akudya pakhomo, kuwerenga miyezi yotsala kuti dowe apse, kenako n'kunena kuti kuyambira lero mphika wa masana uchepe. Kusiyana kwake n'kwakuti kompyuta ingabwereze masamuwo kambirimbiri pa kanthawi kochepa, mvula ikakhala yambiri zitha chonchi, ikakhala yapakati zitha chonchi, ikakanika ngati mu 1992 zitha chonchi, ndipo pa njira iliyonse imaonetsa kuti nyanja idzakhala pa mlingo wanji mwezi ndi mwezi mpaka Disembala. Zimene amailowetsera ndi mlingo wa nyanja lero, madzi amene akudutsa pa malo oyezera monga Chavuma, Ngonye ndi Victoria Falls, mbiri ya mtsinje ya zaka zoposa 100, madzi amene amauma ndi dzuwa, komanso ulosi wa mvula umene akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amatulutsa mvula isanayambe pa msonkhano wawo wa SARCOF. Ulosi umenewu sunena kuti kugwa mamilimita akuti ayi, umangoti mpata waukulu ndi wa mvula yochepa, yapakati kapena yambiri.

Chinanso chimene chimawathandiza n'chakuti mvula yodzaza Kariba siigwa ku Siavonga, imagwa kutali ku Angola ndi ku North-Western, madzi ake amayamba afalikira m'chigwa cha Barotse kumene amachitira Kuomboka, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kudzachuluka pa Victoria Falls cha mu Epulo ndi Meyi. Choncho munthu woyeza ku Chavuma mu Febuluwale amakhala waoneratu njala ya magetsi ya mu Seputembala.

Tsopano taonani manambala. Mu 2023 madzi ogawidwa anali makiyubiki mita 30 biliyoni, koma a 2024 anawadula kufika pa 16 biliyoni, 8 kuno 8 uko, ndipo anadula chaka chisanalowe mkati n'komwe chifukwa masamu anali ataonetsa kale kuti El Niño, nyengo ija imene imachepetsa mvula kuno kwathu, ikubwera ndipo nyanja ili kale pansi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Nde kompyuta sinaname bambo, inanena zowawa ndipo zinachitikadi. Load shedding imene inakugonetsani pa shopu inali njira yotambasulira timadzi tochepato kuti tifike kumapeto kwa chaka, pakanapanda kudula bwenzi makina atazimiratu pakati pa chaka.

Chimene kompyuta singachite ndi kugwetsa mvula, kapena kumanga malo ena opangira magetsi. Dziko lathu lakhala likudalira madzi pa magetsi oposa 80 peresenti, ndipo limeneli ndi ganizo la anthu la zaka zambiri, osati la makina. Ngakhale kusankha kuti tidye madzi ambiri chaka chino kapena tisungeko a chaka chamawa ndi kwa anthu, kumbukirani kuti kumapeto kwa 2022 bungwe la Zambezi River Authority lija linachita kulembera kalata a mbali ya Zimbabwe kuti gawo lawo latha aime kaye.

Chimene ine chimandiwawa n'chakuti masamu amenewa amathera m'maofesi ndi m'malipoti a Chingerezi. Munthu ngati inu mukanauzidwa mu Malichi m'Chinyanja chomveka kuti pofika Seputembala malaiti azidzabwera maola ochepa kwambiri, mukanakonzeka, mwina kusonkherana jenereta ndi anzanu a pa laini, mwina kusatenga maoda akuluakulu a miyezi imeneyo. Pakadali pano dziwani kuti mlingo wa nyanja amauika pa intaneti pafupipafupi, muziuyang'ana cha mu Juni ndi Julayi pamene nyanja imafika pamwamba penipeni pa chaka, mukaona nambala yatsala pafupi ndi 475.50 nthawi imeneyo dziwani kuti miyezi yotentha ivuta.

FUNSO: Amalume, ine ndinakumbitsa borehole pa plot yanga ku Chalala ndi ndalama zanga, palibe anandithandizako ngakhale ngwee. Tsopano ndikumva kuti ndikuyenera kukailembetsa ku WARMA, akuti aziike mu kompyuta. Kodi madzi a pansi pa nyumba yanga akuwakhudza chani? Si njira chabe yotitolera ndalama imeneyi? Komanso chaka chatha mu Okutobala pampu inayamba kukoka mphepo, aneba akuti ndi chifukwa cha nyumba zatsopano zimene zamangidwa kumtunda kwathu, zoona?
Mayi wa ana atatu, Chalala

YANKHO: Mayi, ndakumvani, ndalama zokumbitsira borehole si zamasewera. Koma funso lanu lachiwirilo layankha loyamba. Plot ndi yanu ndithu, koma madzi a pansi pake sakhala malo amodzi, amayenda, ndipo amene mukukoka inu ndi omwewo akukoka aneba ndi a kumtundawo.

Lusaka yakhala pa mwala wa dolomite ndi laimu, womwe uja mumaona amayi akuphwanya m'mbali mwa misewu, ndipo mwala umenewu madzi a mvula akhala akuudya kuyambira kalekale mpaka pansipa pali ming'alu, mapanga ndi ngalande zolumikizana. N'chifukwa chake borehole ina imapatsa madzi ochuluka zedi pomwe ina pafupi pomwepo ili gwa, zimatengera ngati wokumba walasa mng'alu kapena ayi. Madzi amenewa ndi chuma chachikulu cha mzinda uno, pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya Lusaka amachokera pansi pomwepa, otsalawo ndi amene amapopedwa kuchokera mu Kafue kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda. Pamwamba pa maborehole a kampani ya madzi onjezani a mafakitale, a mafamu, a masukulu, ndi anu a m'nyumba amene akuchuluka tsiku ndi tsiku ku Chalala, Ibex, Meanwood ndi kwina konse kumene mapaipi sanafike. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, onsewa akumwa ndipo onsewa akupita kuchimbudzi pamwamba pa mwala womwewo.

Lamulo la madzi la 2011 ndi limene linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka, ndipo malamulo a 2018 ndi amene anati maborehole alembetsedwe ndiponso okumba akhale ndi ziphaso. Cholinga chake, tikachotsa nkhani ya ndalama, ndi kudziwa kuti akukoka ndani, pati, ochuluka bwanji. Pali mapulogalamu monga MODFLOW, yopangidwa ndi bungwe la boma la America loona za miyala ndi madzi, imene imagawa nthaka ya pansi m'timabokosi tambirimbiri n'kumawerengera kuti m'kabokosi kalikonse mukulowa madzi angati kuchokera ku mvula ndipo mukutuluka angati. Ikakonzedwa bwino mungaifunse kuti kumtunda kwa Chalala kukawonjezeka maborehole ochuluka chonchi, madzi atsika mamita angati pofika Okutobala, kapena kuti malo awa tikawathira konkire onse mvula izilowera pati. Kansolo isanapereke maplot ikanayenera kufunsa mafunso amenewa. Nkhani ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, imene anthu anaikanganirana kwambiri mbali zake zitaperekedwa kuti pamangidwe nyumba, mtima wake unali womwewu, kuti nkhalango ija ndi pomwe mvula imalowera pansi ndipo ndi gwero la mtsinje wa Chalimbana.

Koma pulogalamu siidziwa kuti borehole yanu ilipo ngati palibe waiuza. Maborehole ambiri akakhala osalembetsedwa, iyo iwerengera ngati kuti madzi akukokedwa ochepa, itulutsa mapu okongola onena kuti zonse zili bwino, akuluakulu akhulupirira, apereka chilolezo china kwa fakitale, kenako pampu yanu n'kumakoka mphepo. Ndipo mwala wa mapanga ngati wathuwu ndi wovuta kuuwerengera kuposa mchenga, chifukwa madzi sayenda mofanana paliponse, nde umafuna miyeso yambiri zedi. Bungwe la ku Germany la BGR linagwirapo ntchito ndi dipatimenti ya madzi ya boma lathu n'kutulutsa mapu a madzi a pansi pa Lusaka, kuphatikizapo oonetsa malo amene madzi angaipitsidwe mosavuta, ntchito yabwino kwambiri, koma mzinda wakula kwambiri chitulukireni mapuwo ndipo amafunika kumawadyetsa zatsopano.

Pali china choopsa kuposa kuphwa kwa madzi mayi, ndicho septic tank ndi soakaway. Lamulo limati borehole italikirane ndi chimbudzi kapena soakaway mamita 30, koma maplot ambiri ndi aang'ono, inu mungatalikitse yanu koma ya aneba ili kuseri kwa mpanda, ndipo m'mwala wa ming'alu zonyansa zimathamanga osasefedwa. Madzi angaoneke oyera mbee koma ali ndi tizilombo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018 imene inadwalitsa anthu oposa 5,000, ndi ija ya 2023 mpaka 2024 imene inadwalitsa oposa 20,000 n'kupha oposa 700, Heroes Stadium kusanduka chipatala, masukulu kuchedwa kutsegulidwa. Abale athu a ku Kanyama amene amatunga m'zitsime zosaya ndi amene amayamba kugwa, koma madzi a pansi sadziwa kuti apa ndi komboni apa ndi mayadi.

Nde kalembetseni. Sungani pepala limene okumba anakupatsani lonena kuya kwa borehole ndi pamene anapeza madzi, ngati sanakupatseni kalifunseni chifukwa ndi lanu. Mukayezetse madzi ku labu mvula ikayamba, ndipo a kumwa muzithira klorini kapena kuwiritsa. Pampu ikayambanso kukoka mphepo izimitseni msanga isapse, muitane odziwa ayeze pamene madzi afika asanakuuzeni zokumba ina. Ndipo mukapita kukalembetsako mufunse molimba mtima kuti kodi ife tipindula chani, chifukwa munthu amene wapereka zambiri za borehole yake akuyenera kubwezeredwa kanthu, mapu a dera lake oonetsa mmene madzi akutsikira chaka ndi chaka ndi kumene apezeka oipa. Anthu akamaona phindu lotere salimbana nako kulembetsa.

FUNSO: Amalume ine ndimagula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa ku Soweto Market. Asodzi akuti nsomba zikuchepa chifukwa madzi sakusefukiranso ngati kale, akuti amene amatsegula mageti ku Itezhi-Tezhi amangotsatira kompyuta ndipo kompyutayo imangodziwa malaiti basi. Kodi nsomba zingalowe mu kompyuta?
Mayi wa nsomba, Chawama

YANKHO: Zingalowe mayi, ndipo funso lanuli ndi limene landigwira mtima kwambiri mwezi uno, chifukwa asodziwo akunena chinthu chimene akatswiri anachilemba m'mabuku.

Kafue ndi mtsinje wolemedwa kuposa yonse m'dziko muno. Umayambira ku Copperbelt kumene migodi ndi matauni akumwamo, kufika pa damu la Itezhi-Tezhi limene linatha kumangidwa mu 1977, kenako n'kulowa m'chigwa chachikulu cha Kafue Flats. M'chigwamo muli ng'ombe za Aila ndi Atonga ku Namwala ndi Monze, muli asodzi anuwo, muli nyama ya lechwe ya mtundu umene supezeka kwina kulikonse, ku Lochinvar ndi Blue Lagoon, muli nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka zimene zimamwa madzi ambiri chilimwe, kumunsi kwake ndi pomwe ife a Lusaka timapopa akumwa, ndipo pomalizira pali makina a magetsi a Kafue Gorge Upper ndi a Kafue Gorge Lower a mamegawati 750 amene anamalizidwa mu 2023. Onsewa akufuna madzi omwewo koma pa nthawi zosiyana. A magetsi amafuna madzi oyenda mofanana chaka chonse. Nsomba ndi ng'ombe zimafuna zosiyana ndi zimenezo, madzi asefukire dzinja kuti nsomba zikaswere m'maudzu, kenako aphwe chilimwe kuti msipu wauwisi uphuke. Damu litamangidwa malo ena anasiya kusefukira, ena kufupi ndi Gorge anasanduka omira chaka chonse, ndipo chitsamba chaminga cha mimosa chinalanda malo ambiri odyetsera ku Lochinvar.

Omanga damu anaganizirako pang'ono, anaika lamulo loti mu Malichi azitulutsa makiyubiki mita 300 pa sekondi kwa milungu inayi kuti chigwa chinyowe. Koma mvula siidziwa kalendala, chaka china imafulumira china imachedwa. Vuto linanso n'lakuti chigwacho ndi chafulati kwambiri, madzi otulutsidwa ku Itezhi-Tezhi lero amatenga milungu yambiri, mwina mpaka miyezi iwiri, kuti afike ku Gorge, nde wotsegula geti akuyenera kuganiza za mvula imene idzagwe m'njira madziwo asanafike. Mutu wa munthu sungasenze masamu onsewo, apa ndi pomwe kompyuta ili ndi ntchito yeniyeni. Mu 2004 bungwe loteteza zachilengedwe la WWF, ZESCO ndi unduna woona za madzi anagwirizana malamulo atsopano otsegulira mageti, mothandizidwa ndi pulogalamu yotchedwa KAFRIBA yowerengera kayendedwe ka madzi m'chigwamo, cholinga chake chinali kuti kusefukira kuzifanana ndi kwa chilengedwe popanda kuluza magetsi ambiri.

Nde si zoona kuti kompyuta imangodziwa malaiti. Imadziwa zimene yafunsidwa. Mukaifunsa za magetsi okha iyankha za magetsi okha, koma mungaiuzenso kuti malo akuti akuyenera kumira kwa milungu yakuti m'miyezi imene nsomba zimaswa, iyo n'kukuonetsani kuti zimenezo zidya mamegawati angati. Ikatero ntchito yake yatha, kunena kuti chofunika kwambiri ndi chiti pakati pa mamegawati amenewo ndi nsomba zanu ndi kwa anthu okhala m'chipinda cha msonkhano, ndipo chaka cha chilala ngati 2024 mukudziwa nokha amene mawu ake amamveka. Lamulo la 2011 lija limapereka mpata woti ogwiritsa ntchito madzi apange magulu awo ndi kukhala ndi mawu m'makhonsolo a zigwa za mitsinje. Auzeni asodzi a ku Chanyanya kuti mpando umenewo ndi wawonso, ndipo zimene amadziwa, kuti dambo lakuti linkamira mwezi wakuti ndipo pano silimira, ndi miyeso ndithu yoyenera kulembedwa.

Ndisabise, nsomba zikuchepanso pa zifukwa zina, asodzi achuluka, ena akukokera maneti a udzudzu amene amatenga ndi tiana tomwe, ena salemekeza nthawi yoletsa kupha nsomba ya Disembala mpaka Febuluwale. Komanso kumtunda kukuchokera zoipa, mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kufa, Kitwe kutsekeredwa madzi. Tsiku ngati limenelo funso limakhala lakuti zoipazo zifika liti pamalo akuti ndipo zidzakhala zitasungunuka bwanji, ndipo pulogalamu ingayankhe msanga pokhapokha ngati mumtsinje muli zida zoyezera zimene zikugwira ntchito tsikulo.

FUNSO: Kwathu madzi amabwera cha m'ma 02 usiku, pofika 05 atha, akazi anga amadzuka kudzaza zigubu. Koma m'munsi mwathu amakhala nawo mpaka masana. Kodi pali munthu amakhala pa kompyuta n'kumatitsekera dala?
Bambo wa ku Mtendere

YANKHO: Kawirikawiri si dala bambo, ndi mphamvu ya madzi m'mapaipi. Masana aliyense watsegula mpope nde mphamvu imathera kwa a m'munsi, usiku anthu akagona imakwera mpaka kufika kwa inu a pamtunda. Nthawi zina kampani imagawadi madzi potseka mavavu dera ndi dera chifukwa opopedwa ndi ochepa kuposa ofunika, ndipo malaiti akapita mapampu nawonso amaima.

Pali pulogalamu yaulere yotchedwa EPANET imene mainjiniya amajambulamo mapaipi onse, matanki ndi mapampu, n'kuona kuti nyumba ya pamalo akuti ilandira mphamvu yanji ola lililonse, ndipo angayeseremo kuti tikaika paipi yokulirapo apa kapena tikasintha nthawi yotsegulira vavu iyi, a pamtunda apeza madzi masana kapena ayi, asanakumbe msewu. Amagwiritsanso mamita a dera lonse kuona madzi amene akuyenda pakati pa usiku pamene palibe akutunga, akakhala ambiri ndiye kuti pansi pali paipi yophulika. Izi n'zofunika chifukwa mu Lusaka pafupifupi theka la madzi opopedwa sabweretsa ndalama, ena amatayika m'njira ena amabedwa. Chovuta n'chakuti mapaipi ena akale ndi olumikiza mwakuba sali pa mapu aliwonse. Inu lembani kwa milungu ingapo nthawi imene madzi abwera ndi imene apita, aneba achitenso chimodzimodzi, mukapereke pamodzi ku ofesi ya kampani ya dera lanu ndipo mutenge nambala ya dandaulo, zikapanda kuyenda pitani nazo ku NWASCO amene amayang'anira makampani a madzi. Pepala la nyumba khumi lokhala ndi maola limagwira ntchito kuposa kukalipa pa kauntala.

FUNSO: Amalume ndine mtsikana wa chaka chachitatu pa yunivesite, kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala kwa azakhali ku Kalingalinga. Ndikufuna project yanga ikhale ya zimenezi koma laputopu yanga ndi yakale ndipo ndilibe ndalama zogulira mapulogalamu. Ndiyambire pati?
Wophunzira, Kalingalinga

YANKHO: Mwanangu wasankha bwino, ndipo ndalama isakuopse. QGIS yojambulira mapu ndi yaulere. SWAT, yowerengera kuti mvula ikagwa pa dera madzi angati afika mumtsinje, ndi yaulere. WEAP, yopangidwa ndi Stockholm Environment Institute, ndiyo yogawira madzi pakati pa tauni, ulimi, mafakitale ndi chilengedwe, ndipo masukulu, maboma ndi mabungwe osachita malonda a m'maiko osauka amaipeza popanda kulipira, siilemeranso pa laputopu yakale. Za mvula ungatsitse CHIRPS pa intaneti, imene imaphatikiza zithunzi za setilaiti ndi miyeso ya pansi kuyambira 1981, koma uziifananitsa ndi ya ku dipatimenti ya zanyengo. Ukafuna kuona mmene zazikulu zimaonekera, funa ZAMWIS, nkhokwe ya miyeso ya madzi ya bungwe la ZAMCOM, limene limasonkhanitsa maiko 8 a m'chigwa cha Zambezi kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Mozambique, likulu lake lili ku Harare. Ku UNZA kulinso likulu la maphunziro a kasamalidwe ka madzi pansi pa School of Mines, pita ukagogode.

Koma usayambe ndi Zambezi. Tenga mtsinje waung'ono umene ungaufikire pa minibasi, ine ndikanati Chongwe. Uli ndi zonse, Ngwerere imabweretsamo madzi otsalira a mu Lusaka, Chalimbana imachokera ku Forest 27, m'mbali muli mafamu othirira ndi alimi a madimba a tomato ndi repu amene amapopa ndi timainjini, ndipo tauni ya Chongwe yakhala ikusowa madzi miyezi yotentha damu lake likaphwa. Funso lako likhale limodzi lomveka, monga lakuti othirira a kumtunda akachepetsa kupopa mu Seputembala ndi Okutobala, damu lingafike mvula yoyamba kapena ayi.

Nthawi yako yambiri idzathera pa kusaka manambala, osati pa kompyuta, ndipo udzapeza miyezi ina mulibe kanthu chifukwa choyezera chinakokoloka kapena wowerenga sanalipidwe. Anthu amenewa, owerenga mlingo pa chitsulo cha manambala m'mphepete mwa mtsinje m'mawa uliwonse n'kulemba m'kabuku, ndi amene anyamula ntchito yonseyi, ukawapeza uwapatse ulemu ndipo ukhale nawo pansi akuuze zaka zimene mtsinje unachita zachilendo. Pamene palibe nambala usapeke, lemba kuti palibe. Ukamaliza kumanga model yako, masamu a mtsinjewo mu kompyuta, uiyese kaye pa zaka zimene zinadutsa kale, ngati ikulephera kubwereza zimene mtsinje unachita mu 2019 kapena 2024 ndiye kuti siinakonzeke kunena za 2035, bwerera ukakonze. Ndipo zotsatira zake usazisiye mu laibulale, konza tsamba limodzi m'Chinyanja ndi m'Chisoli lokhala ndi njira ziwiri kapena zitatu ndi mtengo wa iliyonse, upite nalo kwa alimi aja ndi ku kansolo ya Chongwe. Ku WARMA ukapempha miyeso ya mtsinje utenge kalata ya aphunzitsi ako, ndipo upemphe msanga temu isanafike pakati chifukwa mayankho amatenga nthawi.